CD ya Ani Choying Drolma pa mapaundi 18, ndigule?

NaPhiri_Reading: Abale, thandizeni maganizo. Kuntchito kuno kosamalira okalamba ndimagwira ndi mayi wina wa ku Nepal. Agogo ena akavuta kugona amawaikira nyimbo za sisitere wachibuda, Ani Choying Drolma, ndipo ine mawu akewo andilowa. Ndapeza CD yotchedwa Chö, ya mu 1997, imene anajambula ndi Steve Tibbetts, woimba gitala wa ku America. Ndi yakaunjika, mapaundi 18 pamodzi ndi kutumiza. Ndi mtengo wake umenewu?

Mjomba_wa_ku_Joni: CD masiku ano? Muziyiimba pa chiyani asisi?

NaPhiri_Reading: M'galimoto yanga muli poikira. Musandiseke.

MaiAwiri: Za pa intaneti musandiuze. Ine ndinaitanitsa mbale zamkuwa zija amazizunguliza ndi kamtengo n'kumalira, akuti zochokera ku Nepal komweko, zosula pamanja. Marandi 600. Chimene chinabwera ndi kambale kosakwana ndiwo za mwana, ukakamenya kamangoti khwee. Wogulitsayo mpaka lero foni sayankha.

Mjomba_wa_ku_Joni: Amayi, afunsa za CD.

MaiAwiri: Akuba ndi amodzimodzi.

BwanaMaulendo: Hehe. Ife amene tinafika ku Kathmandu tikudziwa. Mukazungulira kachisi wa Boudha, timasitolo tonse tomuzungulira timaliza nyimbo zoterezi tsiku lonse. Ine ndinatenga ma CD atatu pa marupi 300 iliyonse. Mapaundi 18 akukuberani masana.

Kachere77: Anu aja anali okopera, bwana. Ndiye tikiti ya ndege mwaiwerengera?

BwanaMaulendo: Inalipira ndi kampani.

Chisale_wa_Mabuku: Ine ndingogwirapo pamodzi. Ani Choying anabadwa mu 1971 ku Kathmandu, makolo ake anathawa ku Tibet. Analowa usisitere ali ndi zaka 13 ku nyumba ya masisitere ya Nagi Gompa, pa phiri la Shivapuri, pothawa nkhanza za bambo ake. Zoimba zake zambiri ndi mapemphero amene anaphunzira kumeneko kwa mphunzitsi wake Tulku Urgyen Rinpoche. Ndalama za kuimba ndi zimene anatsegulira sukulu ya masisitere, Arya Tara School, mu 2000, komwe atsikana amaphunzira masamu ndi Chingelezi, osati mapemphero okha. Tsono CD yakaunjika kwa iye sikupita ngakhale tambala, zonse adya ndi wogulitsayo. Ngati mtima wanu uli pothandiza sukuluyo, njira si imeneyi.

NaPhiri_Reading: Achimwene, ine ndimangofuna yomvera pobwera ku ntchito, simunandimve.

Kachere77: Ndiye YouTube ilipo bwanji? Ulere. Mufufuzenso ija anaimba ndi woimba wa ku India A. R. Rahman pa pulogalamu ya nyimbo ya pa TV ya Coke Studio ya ku India mu 2013, ndi yabwino kuposa za gitalazo.

AchemwaliAkuZomba: Ulere kwa inu a wifi. Kuno bandulo imatha nyimbo isanafike pakati.

Mjomba_wa_ku_Joni: Mapaundi 18 mukanatumiza kumudzi bwenzi mutagula fetereza.

Kachere77: Fetereza wake uti? Mwakhalitsa ku Joni inu.

MaiAwiri: Komanso nyimbo zachibuda m'galimoto ya mkhristu, abusa anu akudziwa?

NaPhiri_Reading: Mawu ake sindiwamva n'komwe, amayi.

MaiAwiri: N'zimene ndikunenazo.

Chisale_wa_Mabuku: Chenjezo lina: Chö ndi mapemphero a Chitibeti, oyenda pang'onopang'ono, gitala ali kumbuyo. Ngati mnzanuyo amaika nyimbo ya Chinepali ija inatchuka kwambiri kwawo, Phoolko Aankhama, pa CD imeneyi palibe. Mufunseni kaye kuti amaika iti.

BwanaMaulendo: Ine ndinaiona pa mapaundi 7 sabata yatha.

NaPhiri_Reading: Kuti?

BwanaMaulendo: Ndiyang'ana.

Mjomba_wa_ku_Joni: Nyimbo yogonetsa agogo, inu n'kumaimvera pa chiwongolero mutagwira ntchito usiku wonse. Chabwino.

NaPhiri_Reading: Wogulitsa uja watsitsa, akuti 15. A BwanaMaulendo, ya 7 ija ili kuti?