Mafuta ounjikana pamimba ndi kumbuyo kwa khosi mwa anthu omwa ma ARV: kodi chithandizo chilipo?

A Naphiri:
Ndikupempha uphungu kwa amene akudziwa bwino nkhaniyi. Achemwali anga akhala akumwa ma ARV kwa zaka zambiri ndipo kachilombo sikakuonekanso m'magazi mwawo, koma mimba ikukulirakulira pomwe masaya ndi miyendo zikuphwa, ndipo kumbuyo kwa khosi kwatuluka linunda la mafuta. Akuganiza zosiya mankhwala. Kodi kungosintha mtundu wa mankhwala kungathetse vutoli?

A Banda:
Mayi, chonde muwachonderere kuti asasiye mankhwala, chifukwa kachilombo kadzachulukanso koma mafutawo sadzachoka. Pamenepa pali mavuto awiri osiyana. Kuphwa kwa masaya, miyendo ndi matako kumabwera makamaka ndi mankhwala akale a stavudine ndi zidovudine, ndipo n'chimodzi mwa zifukwa zimene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalangizira mayiko mu 2010 kuti asiye pang'onopang'ono kugwiritsa ntchito stavudine. Mankhwalawa akasinthidwa kuphwako kumaima, ngakhale kuti mafuta amabwerera mochedwa ndiponso pang'ono chabe. Koma mafuta a pamimba amakhala mkati, mozungulira matumbo ndi chiwindi, ndipo kawirikawiri sachoka ndi kusintha mankhwala kokha. Dokotala ayenera kutsimikiza kaye kuti m'mimbamo si madzi, afunsenso ngati akupopera mankhwala a mphumu monga fluticasone pomwe akumwanso ARV ya ritonavir, poti awiriwa akakumana amabweretsa linunda ngati lomweli.

A Nabanda:
Ndiwonjezerepo za mankhwala amene anapangidwira vutoli. Mu 2010 bungwe loona za mankhwala la FDA la ku United States linavomereza tesamorelin, jakisoni wobaya pakhungu la pamimba tsiku ndi tsiku, amene amachepetsa mafuta a mkati ndi pafupifupi 15 peresenti m'miyezi 6. Ine sindimuona ngati yankho la anthu ambiri, chifukwa ndi wokwera mtengo, m'mayiko ambiri sapezeka, ndipo munthu akangosiya kubaya mafuta amabwerera. Saperekedwa kwa amayi oyembekezera kapena kwa odwala khansa, ndipo shuga wa m'magazi amafunika kuyezedwa pafupipafupi.

A Mwale:
Zimene anena a Nabanda n'zoona. Opaleshoni yopopa mafuta imathandiza pa linunda lokha, nalonso nthawi zina limameranso, koma pa mafuta a mkati mwa mimba siingatheke. Chimene achemwali anu angayambe msanga ndi masewero olimbitsa thupi, othamangitsa mtima ndi onyamula zolemera, komanso kuchepetsa zakumwa za shuga ndi mowa. Apemphenso kuyezedwa shuga, mafuta a m'magazi ndi kuthamanga kwa magazi, pakuti kuopsa kwenikweni kwa mafuta amenewa kuli pa mtima. Ngati atapezeka ndi shuga n'kupatsidwa mankhwala a shuga a metformin, akumbutse dokotala ngati akumwa ARV ya dolutegravir, chifukwa imachulukitsa metformin m'magazi ndipo mlingo umafunika kuchepetsedwa. Metformin angathenso kuwonjezera kuphwa kwa masaya kumene mwatchulako.