"Mutu ukakula sulewa nkhonya", kodi ukunena ndani kwenikweni?

Chikondi_94
Abale ndithandizeni, dzulo ndachita manyazi pamaso pa azakhali anga. Timacheza nkhani ya Janani Luwum, arkibishopu wa Anglican ku Uganda uja anaphedwa mu February 1977 patangopita masiku ochepa iye ndi mabishopu anzake atamulembera pulezidenti Idi Amin kalata yodandaula za anthu omwe amangosowa mmanja mwa asilikali, boma nkunama kuti wafa pa ngozi ya galimoto. Nde ine pofuna kuonetsa kuti Amin nayenso zinamuonekera poti anathawa mdziko mu 1979 ndinati mutu ukakula sulewa nkhonya. Azakhali anatseka Baibulo lawo nkundifunsa kuti mwambi umenewo unauphunzira kwa ndani, ati mutu waukulu pamenepo ndi Luwum osati Amin. Ine chikhalire ndimadziwa kuti ukunena munthu wodzikuza, wokula mutu, kuti tsiku lina adzamenyedwa basi. Ndalakwa pati?

NaBanda
Azakhali akowo akunena zoona mwanawe. Ndipo Amin ndi amene analewadi, anakafera ku Saudi Arabia mu 2003 osaimapo mu khoti ngakhale tsiku limodzi. Ine mwambiwu ndimaumva ndi mawu a agogo anga aakazi, mzimu wawo uuse mumtendere. Mdzukulu akalakwira anthu, oitanidwa kukayankha anali iwowo poti ndiwo anatsala aakulu pabanja, nde amadzuka pang'onopang'ono atagwira bondo lija linkawavuta, kwinaku akunena chapansipansi kuti mutu ukakula sulewa nkhonya. Amakatukwanidwa pa zinthu zoti sanachite iwo, nkubwera osatiuza kanthu. Mpaka lero ndikaumva ndimaona dzanja lija pabondo.

Bambo Mbewe
Ndikugwirizana nanu mayi, koma ambiri mumaphonya pa liwu loti sulewa. Silikunena kuti mutuwo ukulephera kuzemba chifukwa chakukula ayi, likunena kuti sufuna kuzemba, wasankha kuima. Ndi zomwe Ambuye ananena pa Yohane 10, waganyu akaona mmbulu amathawa koma mbusa weniweni amataya moyo chifukwa cha nkhosa. Taonani Joseph Mukasa Balikuddembe, mkulu wa anyamata otumikira kunyumba ya mfumu Mwanga ku Buganda. Akanatha kungokhala chete Mwanga ataphetsa bishopu James Hannington mu October 1885, koma anakamudzudzula pamaso, ndipo pa 15 November chaka chomwecho anadulidwa mutu. Palibe anamukakamiza kuyankhula.

Tadala K.
Bambo Mbewe pepani koma pamenepo mukuukoka mwambi kuti ufike pomwe mukufuna inuyo. Nanga Kizito, mmodzi mwa anyamata a Mwanga aja? Mwana wa zaka pafupifupi 14 anatenthedwa ku Namugongo pa 3 June 1886, tsiku limodzi ndi mtsogoleri wawo Charles Lwanga, mutu wake unali utakula liti? Komanso Yesu yemweyo pa Mateyu 10:23 anati akakuzunzani mumzinda uwu thawirani wina. Cyprian bishopu wa ku Carthage anabisala nthawi ya mfumu Decius mu 250 mpaka ena kumunena kuti wasiya nkhosa, koma mu 258 anadulidwa mutu osamukana Khristu, ndiye tinene kuti analewa kapena sanalewe? Agogo anga mwambiwu amaunena modandaula, akupukusa mutu, ngati kunena kuti ukulu ndi katundu, ufune usafune zikupeza.

Bambo Mbewe
Cyprian ameneyo akundithandiza ine mwana wanga, tsiku lake litafika anaima. Chimodzimodzi Polycarp bishopu wa ku Smyrna, anayamba wabisala kumunda abale atamuchonderera, koma asilikali atamulondola anakana kuthawanso, anatsika yekha nkupempha nthawi yoti apemphere kaye. Atauzidwa kuti atukwane Khristu amasulidwe, nkhalamba ija inayankha kuti yamutumikira zaka 86 ndipo sanailakwirepo. Za Kizito, mwanayo analimba mtima chifukwa Lwanga amene anamubatiza anali ataima patsogolo. Ndikubwereza, sulewa ndi kusankha. Mutu ongomenyedwa chifukwa wasowa kothawira agogo athu sakanaupangira mwambi.

NaBanda
Vuto ndi loti ana a masiku ano liwu loti kulewa salidziwa nkomwe, iwo ndi kudoja basi, kudoja sukulu kudoja ngongole. Mdzukulu wanga ndinamufunsa kuti ofera chikhulupiriro ndi anthu otani, anakhala kaye duu kenako nkundiyankha mchizungu. Kutchalitchi wachinyamata mukamupatsa maiki theka la pemphero ndi chizungu, theka linalo mawu oti ife sitikuwatola. Zimandiwawa ndithu, mawu akatha ndi nkhani za anthu amenewa zomwe zithera pomwepo.

Yamikani22
Mayi musatiphatikize tonse. Mwambi umenewu munatikhazika pansi liti nkutiuza? Ife timaupeza pa Facebook pansi pa chithunzi cha munthu wamkulu wagwidwa ndi katangale anthu akumuseka, nde tiziti ukunena ndani ngati si odzikuza? Chikondi sanalakwe yekha, tonse timadziwa choncho. Ndipo a Lwanga aja anali achinyamata ngati ife tomwe, ambiri osafika zaka 30.

NaMoyo wa kwaya
Chikusokoneza ana ndi kufanana kwa mawu, kukula mutu ndi kwina, mutu kukula ndi kwina. Agogo anga ukatembenuza mawu chonchi amakubwereketsa katatu mpaka ulondole, osakumasulira ayi. Koma Yamikani wanena zoona pang'ono, ife makolo tinasiya kucheza ndi ana madzulo, aliyense ali pa foni yake.

Bambo Mbewe
Tisachoke pa mutu wa nkhani abale. Arkibishopu Oscar Romero ku El Salvador analalikira poyera kuti asilikali asiye kupha abale awo, akudziwa bwinobwino kuti akuopsezedwa, mawa lake pa 24 March 1980 anaomberedwa ali pa guwa akuchita Misa. Mundiuze kuti ameneyo analephera kulewa? Anakana kulewa.

Tadala K.
Za Romero palibe akutsutsa bambo. Ine ndikuti chikhulupiriro chake ndi chomwe chinamuimika, mwambiwo paokha sukunena zosankha, inu ndi amene mwaubatiza.

Chikondi_94
Ndawaimbira azakhali kuwafunsa ngati sulewa ndi kulephera kapena kukana. Sanandiyankhe zimenezo, ati choyamba tonse tikuunena molakwika, amayi awo amati mutu waukulu sulewa nkhonya, za ukakulazo aziona kwa ife. Alipo wina anaumvapo chonchi kwa agogo ake?