Mwana wa miyezi 26 sakuyankhula, agogo omulera ayamba kuiwala, mudzi wayamba kunong'ona

Nachisale (HSA, mlangizi wa zaumoyo kumudzi): Anzanga thandizeni msanga, mutu wandiima. M'dera langa muli mwana wamwamuna wa miyezi 26, liwu ngakhale limodzi palibe, ngakhale "mama". MUAC (tepi yoyeza mkono kuona ngati mwana wanyentchera) wobiriwira, sikelo ikukwera, akatemera onse analandira, amathamanga bwinobwino. Mayi ake ali ndi zaka 17, anamusiya ali ndi miyezi 9 n'kupita kukagwira ntchito ya m'nyumba m'tauni. Akumulera ndi agogo ake a mtsikanayo, zaka zopitirira 70, ndipo nawonso sali bwino. Mwezi uno abwera kusikelo kawiri sabata imodzi ataiwala kuti anabwera kale. Dzulo ndapeza mphika wapserera pamoto, iwo akufunafuna amuna awo omwe anamwalira kalekale. Tsopano anthu ayamba zoti agogo anamanga lilime la mwana. Ndiyambire pati? Referral (kalata yotumiza wodwala kuchipatala) ndilembe ya ndani?

Bambo a ku OPD: Makutu kaye, achemwali. Imani kumbuyo kwake asakuoneni, muitaneni dzina, kenako gwedezani chitini cha timiyala mbali iyi ndi inayo. Afunseni abale ngati khutu linatulukapo mafinya, ngati anadwalapo malungo aakulu mpaka kukomoka, ngati anali ndi chikasu atangobadwa. Mwana wosamva sangayankhule.

Mlezi Nabanda (CBCC, sukulu ya mkombaphala): Ine funso langa ndi lina. Akafuna madzi amaloza? Mukamuuza kuti "tenga kapu" osamulozera, amatenga? Amakuyang'anani m'maso? Pa zaka 2 ambiri amakhala atayamba kulumikiza mawu awiri, monga "ndipatse nsima". Koma mawu mwana amawatola kwa anthu. Ngati amaswera ndi agogo okhaokha, agogonso ali m'maganizo awoawo, awatola kwa ndani? Kwathu kunabwera mtsikana wa zaka 3 wongokhala duu pakona ngati mlendo. Mayi ake ankapita ku ganyu m'bandakucha n'kumutsekera m'nyumba. Tinkangomukhazika pakati pa anzake poimba nyimbo ndi pomwa phala, mvula isanathe anayamba kutchula mayina a anzake. Koma musawalonjeze abale kuti zitero, wina tinayesa zomwezo chaka chathunthu osasintha.

Nachisale (HSA): Kuloza amaloza. Za kapu sindinayese. MDAT, chida choyezera kakulidwe ka mwana, ndinangoiona pa training, zipangizo zake ku health centre kwathu kulibe.

Sister wa Mental: MDAT inapangidwa konkuno ku Malawi, inatuluka mu 2010, ndipo imayang'ana mbali 4: kuyenda, ntchito ya zala, chiyankhulo ndi kukhala ndi anthu. Imangokuuzani kuti mwana watsalira pati, chifukwa chake siikuuzani. Koma ine mtima wanga uli pa agogowo. Chonde musalembe dementia (matenda oiwalaiwala) m'buku mwawo inu nokha. Funsani kaye kuti zinayamba liti. Ngati ndi masiku ochepa chabe, kusokonekera kotere mwa okalamba kumabwera ndi malungo, matenda a m'njira ya mkodzo kapena shuga, ndipo zimenezo n'zothamangira nazo kuchipatala lero lomwe. Onaninso khungu la m'khosi ndi pamikono. Likakhala lakuda, lokakala ngati lopsa ndi dzuwa, kuphatikiza kutsegula m'mimba, ganizirani pellagra, matenda obwera chifukwa chosowa zakudya zina zofunika m'thupi. Munthu wodya nsima yoyera ndi masamba okhaokha chaka chonse imamugwira, mutu n'kusokonekera, pomwe mankhwala ake alipo. Palinso okalamba omwe amaoneka oiwala pamene ali ndi depression, matenda a kukhumudwa kwambiri.

Bambo a ku OPD: Zonsezo n'zoona, koma kuloza sikusonyeza kuti akumva. Mwana wogontha ndiye amaloza kwambiri. Makutu mwayesa?

Nkhoma wa Social Welfare: Achemwali, chimene chingaphe munthu sabata ino ndi mphekeserayo. Kumbukirani ku Neno mu January 2016, okalamba 4 anaphedwa chifukwa mphezi inapha mtsikana. Lamulo la ufiti la 1911 limati kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, koma gulu likakwiya silidikira lamulo. Pitani kwa amfumu panokha, osati pabwalo, mupite ndi CPW (woona za chitetezo cha ana) wa dera lanu, a community policing adziwenso. Ndipo samalani pakamwa. Mukanena kuti "agogo mutu sukuyenda" pamaso pa anthu, madzulo zimveka kuti a zaumoyo atsimikiza. Ine zinandichitikira, ndinati ndikufotokoza matenda pamsonkhano, m'mawa mwake nyumba ya mayi wina inapezeka yogumulidwa. Mpaka lero zimandipweteka.

Mbewe (HSA): Bwanji osangomuchotsa mwanayo, akakhale kwa azakhali ake kapena kwa wachibale wina? Mphika wapsa lero, mawa ndi mwana.

Sister wa Mental: Za moto ndikugwirizana nanu, pafunika munthu wachitatu pakhomopo kuyambira lero. Koma kumuzula ayi. Kumbukirani za Erikson zija tinkaloweza ku koleji, katswiri uja anagawa kakulidwe ka maganizo a munthu m'magawo 8. Gawo loyamba pa magawo 8 aja ndi loti khanda liphunzire kukhulupirira kuti likalira wina abwera. Mwanayu mayi ake anachoka pa miyezi 9, nthawi yomwe mwana wayamba kudziwa wake ndi kukana mlendo. Amene anabwera atalira ndi agogowa. Mukamuchotsanso mwadzidzidzi, ataya munthu wachiwiri asanakwanitse zaka 3. Agogonso ali pa gawo lotsiriza, pomwe munthu amayang'ana m'mbuyo n'kudzifunsa ngati moyo wake unali ndi phindu. Mayi amene analera ana ndi zidzukulu, lero alandidwe mwana pamene mudzi ukumutcha mfiti, mwamumaliza. Ndipo anthu adzati mwamulanda chifukwa mlandu watsimikizika. Wachibale asamukire kwa agogo, osati mwana kusamuka.

Mlezi Nabanda (CBCC): Nanga mtsikanayo, mayi wa mwanayu, alipo amene wamuimbira? Zaka 17 nayenso ndi mwana, akufufuzabe kuti iye ndi ndani. Musamukalipire pafoni, azimitsa. Muuzeni kuti mwana wake akufunika kumva mawu ake.

Mbewe (HSA): Wachibale wosamukirayo adya chiyani? Khomolo lili pa Mtukula Pakhomo?

Nachisale (HSA): Ayi, silili. Nambala ya mtsikanayo ndikuifufuza. Khungu la agogo ndikaona mawa.

Bambo a ku OPD: Ndibwerezanso, mundikhululukire. Ndinaonapo mwana yemwe anafika zaka 6 aliyense akuti ndi wamanyazi, ena akuti analodzedwa, pomwe anasiya kumva atadwala meningitis (matenda oumitsa khosi) ali khanda. Zaka zimene ubongo umagwira chiyankhulo mosavuta zinadutsa tikungokambirana. Chitini chija n'poyambira chabe, ngakhale atatembenuka mulembereni referral ya audiology. Ku Queens ku Blantyre amayeza makutu a ana.

Mbewe (HSA): Referral tilemba, koma ya transport atenga kuti?

Nkhoma wa Social Welfare: A Nachisale, kwa amfumu mwapita?