Filimu yatsala pang'ono kutha, mnyamata wathu ali m'chipatala: titani?

Dairekita wa ku Kawale:
Akuluakulu, mwaswera bwanji nonse. Ambiri mwamva kale za mnyamata wathu amene akusewera ngati wakabaza mufilimu yomwe takhala tikujambula ku Mchesi ndi ku Biwi. Kwa amene simunamve, ataweruka madzulo anakwera njinga yamoto kubwerera kwawo ku Likuni, ndipo galimoto inawawomba kumbuyo. Woyendetsa njingayo anathyoka mwendo, koma wathuyu wavulala msana. Opareshoni anamuchita, manja akugwira, akulankhula bwinobwino, koma miyendo mpaka pano sikumva. Madokotala sakulonjeza kanthu, angoti tidikire.

Ndabwera pano chifukwa mutu waima. Mbali yaikulu ya filimuyi tajambula kale ndipo iyeyo ndiye mwini nkhani, pafupifupi sini iliyonse alimo. Zatsala ndi izi: sini yomwe akuthamangitsidwa panjinga, ina yomwe akukangana ndi mayi ake pakhomo, ndi mapeto. Amene anaikamo ndalama akufunsa kuti filimu ituluka liti. Komanso mvula ili pafupi. Tajambula kunja kuli fumbi, udzu uli wouma, ndiye ikangogwa Lilongwe yense abiriwira ndipo zithunzi sizidzagwirizananso. Kodi tiyambirenso ndi munthu wina? Timuphe munkhanimo? Kapena tingoiyika pambali? Thandizeni nzeru.

Wa Kamera wa ku Area 25:
Pepani kwambiri bwana dairekita, nkhaniyi yatikhudza tonse. Zoyambiranso ndi munthu wina ine ndikuti ayi. Ndalama zake mulibe, komanso mnyamatayu anagwira ntchito yoti simungangoifufuta. Sini ija ya pasiteji ya kabaza, pomwe akuwerenga makobidi m'manja kenako n'kuyang'ana kumwamba osalankhula, ndinali kuseri kwa kamera ndipo ndinaiwala kunena kuti tadula. Palibe amene angaibwereze.

Njira ilipo. Brandon Lee atamwalira mu 1993 ali ndi zaka 28, atawomberedwa mwangozi ndi mfuti yojambulira filimu ya The Crow, anamaliza filimuyo pogwiritsa ntchito munthu wina woima m'malo mwake, ndipo inatuluka mu 1994. Paul Walker atamwalira pangozi ya galimoto mu 2013, abale ake awiri, Caleb ndi Cody, ndiwo anaima m'malo mwake kuti Furious 7 ithe. Iwo anali ndi makompyuta oika nkhope ya munthu pathupi la wina, ife tilibe. Koma ife tili ndi mwayi wakuti wakabaza amavala helemeti. Tipeze mnyamata wofanana naye msinkhu ndi mapewa, avale jekete yomweyo, timujambule chakumbuyo ndi chapatali.

Edita wa ku Area 36:
Ndikugwirizana ndi achimwene a kamera. Ndaonanso zonse zomwe zili pa hard drive usiku wathawu. Pali zithunzi zambiri za nkhope yake chapafupi zomwe sitinagwiritse ntchito, makamaka zija tinkabwereza chifukwa cha phokoso la chigayo. Mawu ake ndi oipa koma chithunzi chili bwino. Ndikhoza kuzilowetsa pakati pa sini yothamangitsanayo ndipo woonera sangadziwe. Za mawu si vuto lalikulu. Ngakhale James Dean, yemwe anafa pangozi ya galimoto pa 30 September 1955 ali ndi zaka 24, mawu ena a kumapeto kwa filimu ya Giant anamulankhulira ndi Nick Adams. Tikhoza kupeza wina wa mawu ofanana.

Gogo wa Zisudzo:
Ana anga, ndawerenga zonsezi ndipo nzeru zanu ndi zabwino, koma pali chinthu chomwe chikundipweteka. Anthu onse amene mwawatchulawa anamwalira. Anzawo anamaliza ntchito popanda kuwafunsa chifukwa panalibenso womufunsa. Mwana wathuyu ali moyo. Ali pabedi, foni ili m'manja, ndipo mwina akudziwa kuti tikukambirana za iye. Mukufuna munthu wina amulankhulire mawu pamene pakamwa pake pali bwinobwino? Ndani mwa inu wapita kukamufunsa chomwe iye akufuna?

Ine ndakhala m'zisudzo kuyambira nthawi yomwe tinkanyamula makatani pamutu kupita nawo ku maholo a sukulu. Ndaona achinyamata aluso akuvulala, ndipo chomwe chimawamaliza kwenikweni si bala ayi. Ndi tsiku lomwe amamva kuti gulu lapitiriza popanda iwo, ndipo mafoni asiya kulira. Sabata zoyamba aliyense amabwera ndi nthochi ndi Sobo. Ikatha miyezi iwiri amatsala ndi mayi ake okha.

Dairekita wa ku Kawale:
Agogo, ndamva. Ndimapitako kukamuona, koma nkhani ya filimu ndimaiopa kuiyamba. Ndimaona ngati ndioneka woganiza za ndalama pamene mwana wa eni ake akuvutika.

Gogo wa Zisudzo:
Iyambeni, mwanawe. Muyambe ndi mayi ake ndi amalume ake, mwaulemu, kenako iyeyo. Mukhoza kupeza kuti ndi nkhani yokhayo yomwe akuyembekezera kumva.

Mlembi wa Nkhani:
Zikomo agogo, mwandimasula, chifukwa ndinali ndi ganizo koma ndimachita nalo mantha. Bwanji tisinthe mapeto? Momwe tinalembera, mnyamatayu amathawa apolisi n'kukafika kumudzi ali bwinobwino. Kunena zoona mapeto amenewo sanandikhutiritsepo. Titati akuchita ngozi pothawapo, ndiye gawo lomaliza likhale la moyo wake atavulala, iyeyo akhoza kusewera yekha atakhala pansi kapena atagona. Kukangana ndi mayi ake kuja kungachitikire m'chipinda m'malo mwa pakhomo, ndipo kungakhale kowawa kuposa momwe tinalembera. Ndi mabanja angati muno mu Lilongwe amene akusamala mnyamata wovulala pa kabaza? Nkhani imeneyo sitinaione pafilimu yathu iliyonse.

Si zachilendo. Christopher Reeve, uja ankasewera Superman, anagwa pa hatchi mu 1995 n'kufa ziwalo kuyambira m'khosi kutsika. Mu 1997 anatsogolera kujambula filimu ya In the Gloaming, ndipo mu 1998 anasewera iye mwini mu Rear Window ali panjinga ya olumala. David Holmes, amene ankachita zoopsa m'malo mwa Daniel Radcliffe m'mafilimu a Harry Potter, anathyoka khosi poyeserera mu 2009. Sanayendenso, koma mu 2023 kunatuluka filimu yofotokoza moyo wake.

Mayi a Zovala ndi Zodzola:
Achimwene olemba, ganizo lanu ndalimva koma tiyende nalo mosamala. Kumuuza munthu kuti asewere ngozi yomwe yangomuchitikira kumene si chinthu chaching'ono. Ena zimawachiritsa mtima, ena zimawabwezera pomwe anali. Ndiye tisapite kwa iye titasankha kale. Tipite ndi njira ziwiri, mapeto akale pogwiritsa ntchito womuimira, kapena mapeto atsopanowa, asankhe yekha. Akati sakufuna chilichonse, tilemekeze. Ndipo asamve ngati akakana ndiye kuti chithandizo chathu chatha.

China, musaiwale kuti munthu akagona m'chipatala thupi limasintha. Nkhope yake yaphwa, tsitsi lakula. Ngati tisunga mapeto akale, nkhope ya lero sigwirizana ndi ya mwezi watha, ngakhale nditadzola bwanji. Mapeto atsopanowo vuto limeneli alibe. Jekete yake yofiira ija inang'ambika pangoziyo, koma tinagula ziwiri zofanana pa kaunjika, inayo ili kwa ine.

Wa Mawu:
Kumbali yanga, mawu ake tidzajambula iye mwini, palibe zomufunira wina. Koma osati m'wodi, muli phokoso komanso si ulemu kwa odwala ena. Akatuluka ndidzapita kwawo. Chipinda chaching'ono, mabulangete pazenera ndi pachitseko, matiresi atatsamira khoma, maikolofoni yaing'ono pakolala, basi. Tidzapita m'mawa ana a m'nyumba zoyandikana atapita kusukulu. Ndidzamuonetsa chithunzi pa laputopu azilankhula motsatira milomo.

Namwino Wochita Zisudzo:
Ndiyankhepo monga munthu amene masana ndimavala yunifolomu yoyera. Musakonze tsiku lojambula musanamve kwa dokotala wake ndi a mafizo, aja othandiza ovulala kulimbitsa ziwalo. Munthu wovulala msana sakhazikidwa tsonga chifukwa choti kamera yafika. Pali nthawi yomwe amaloledwa kuyamba kukhala, ndipo poyamba amachita chizungulire msanga. Komanso popeza sakumva kumunsiku, sangadziwe kuti khungu likupsa kapena likuphwanyika. Zilonda za pabedi zimayamba mwakachetechete ndipo zimavuta kupola, n'chifukwa chake timawatembenuza pafupifupi maola awiri aliwonse. Ndiye zoti munthu akhale malo amodzi kuyambira m'mawa mpaka madzulo tikubwerezabwereza sini, zimenezo ziiwalike. Magetsi otentha aja asayandikire miyendo yake. Tijambule pang'ono, apume, mawa tipitirize.

Ndipo chonde, mukapita kukamuona musamamuuze kuti "uyenda posachedwa" pamene madokotala sananene. Muuzeni kuti tili naye limodzi, zimenezo n'zomwe tingakwanitse.

Msungichuma:
Ine ndilankhule za ndalama poti wina ayenera kutero. Choyamba, malipiro ake onse a filimuyi apatsidwe tsopano, osadikira kuti ithe, kaya asewera mapeto kaya sasewera. Bwana dairekita, kauzeni amene anaikamo ndalama kuti pamenepa sitikambirana. Chachiwiri, banja lake lisataye lipoti la apolisi ndi mapepala onse a kuchipatala. Galimoto iliyonse yoyenda pamsewu m'Malawi muno imayenera kukhala ndi inshulansi yolipira anthu ena amene yawavulaza, ndipo popanda lipoti la apolisi nkhani ya chipukuta misozi siyenda. Ngati alibe ndalama ya loya, apite ku Legal Aid Bureau. Asasaine pepala lililonse lomwe mwini galimoto angabweretse kunyumba asanaonetse munthu wodziwa malamulo.

Chachitatu ndi chathu tonse. Lamulo la Workers' Compensation la chaka cha 2000 lilipo, lonena za anthu ovulala pantchito, koma ife timagwira ntchito pongogwirizana pakamwa. Munthu akavulala palibe pepala losonyeza kuti anali pantchito ya ndani, kuyambira liti, pamalipiro anji. Ndipita ku ofesi ya zantchito kukafunsa ngati nkhani ya mnyamatayu ingalowe pamenepo. Koma kuyambira filimu yotsatira, aliyense azisaina, ngakhale tsamba limodzi lokha. Nambala yotumizirapo thandizo ndaika kale pagulu lija la zachisoni. Chofunika msanga ndi matiresi abwino, njinga ya olumala ndi thiransipoti yopitira ku mafizo.

Wa Kamera wa ku Area 25:
Ndibwerere ku sini yothamangitsana ija, chifukwa mapeto alionse omwe angasankhe, imeneyo ijambulidwabe, ndipo sindikufuna tivulaze munthu wachiwiri. Mu 2015 ku South Africa, pojambula Resident Evil: The Final Chapter, Olivia Jackson, amene ankachita zoopsa m'malo mwa wosewera wamkulu, ankayendetsa njinga yamoto mothamanga, wopanda helemeti, kulunjika ku galimoto yonyamula kamera. Kamerayo sinakwezedwe m'nthawi yake, anawombana nayo, ndipo mkono wake wamanzere anadzaudula. Amenewo anali akatswiri okhala ndi zipangizo zonse. Ife tisayerekeze n'komwe.

Tichite chonchi. Woyendetsa akhale wakabaza weniweni wokhala ndi laisensi, osati wosewera amene waphunzira dzulo. Njinga iziyenda pang'onopang'ono. Ndikaika kamera pansi pafupi ndi tayala, n'kujambula zidutswa zifupizifupi, edita akadula mofulumira ndi kuikapo mawu a injini, woonera adzaona liwiro lomwe kunalibe. Njinga isalunjike pa kamera, izidutsa chammbali. Ngoziyo sitiionetsa. Chithunzi chida, phokoso limveka, kenako tayala likuzungulira lokha njinga ili gone m'ngalande. Tipeze msewu wafumbi wopanda magalimoto ambiri, tidziwitse apolisi ndi amfumu a deralo, ndipo anthu awiri aime kumapeto onse a msewu kuletsa ana.

Mayi a Zovala ndi Zodzola:
Ndionjezere za kuweruka. Mnyamatayu sanavulale kamera ikujambula, wavulala popita kwawo. Junior Pope, wosewera mafilimu wa ku Nigeria uja, anamira mu April 2024 ku Anambra bwato litagubuduzika akuchokera kojambula, wosavala jekete yoyandamitsa. Ulendo wobwerera kunyumba nawonso ndi mbali ya ntchito. Ife atsikana takhala tikudandaula za kukwera kabaza usiku kupita ku Chinsapo kapena ku Area 49, koma timangoti ndi mmene zilili. Mubajeti muzikhala ndalama ya minibasi yotula aliyense pakhomo tikachedwa, apo ayi tiziweruka dzuwa lisanalowe.

Dairekita wa ku Kawale:
Ndangochokera kuchipatala. Ndinayamba ndi mayi ake ndi amalume ake panja, monga munanenera agogo, ndipo anandilola. Nditangoyamba nkhaniyo iye anandidula n'kufunsa kuti, "Ndiye mwapeza kale wina?" Nditamuuza kuti ayi, anakhala chete nthawi yaitali. Ndamufotokozera njira zonse ziwiri. Wasankha mapeto atsopano, koma wati pali zinthu ziwiri. Sakufuna kudzaonera sini ya ngoziyo ikujambulidwa kapena ikukonzedwa. Ndipo akufuna akhale nawo polemba gawo lomalizalo, chifukwa akuti pali zomwe munthu amaganiza usiku m'wodi zomwe ife sitingazidziwe.

Ndiye tigawane chonchi. Za panja zonse, kuthamangitsana ndi zithunzi za patali, tijambule sabata ikubwerayi mvula isanagwe. Za m'chipinda zidikira mpaka a mafizo atalola, kaya ndi January kaya ndi March, ndipo amene anaikamo ndalama ndikawauza mawa kuti tsiku lotulutsa lasintha. Achimwene olemba, Lachitatu mupite ndi kope ndi cholembera nthawi yoona odwala ya masana. Mayi a zovala, tumizani muyezo wa jekete ija kwa a kamera kuti apeze womuimira woti imukwane.

Mlembi wa Nkhani:
Lachitatu ndipita. Amene ali ndi sikiripiti yosindikiza andibwereke, yanga ili pafoni ndipo iye angavutike kuwerenga atagona chagada.

Edita wa ku Area 36:
Ndili nayo, mudzaitenge mawa m'mawa pa depoti. Ndaikanso pa flash sini zake zomwe ndamaliza kulumikiza, mumufunse ngati akufuna kuziona.