Kodi zolemba pamakoma zija ndi luso kapena kungoipitsa?

Wazikwangwani_Nchalo: Anzanga, dzulo kutentha kunandilanda tulo, ndiye ndinayala mkeka pakhonde n'kumaonera pafoni filimu ya anyamata a ku New York amene ankalemba mayina awo pamasitima m'ma 1970. Penti wopopera, usiku, apolisi ali pamsana. Wina ankangolemba TAKI 183, dzina lake lachibwana ndi nambala ya msewu wakwawo, mpaka nyuzipepala ya New York Times inamulemba mu 1971. Ine ndatha zaka ndikujambula botolo la fanta ndi nkhuku pamagolosale, ndipo amandilipira. Iwowa aulere, kuikanso moyo pachiswe. Ankafuna chiyani?

MayiWaKuNgabu: Achimwene, ankafuna kutchuka basi. Sitima imazungulira mzinda wonse dzina lako lili pamenepo. Koma ine mwana wina anandilembera "Neba siyani nsanje" ndi makala pampanda womwe ndinali nditangoupaka laimu. Ndinatsuka ndekha dzuwa lili paliwombo. Musandiuze za luso.

Kabaza_Bangula: Pepani mayi, ndaseka. Komatu ifenso timalemba kuseri kwa njinga, a minibasi nawonso. Kusiyana kwake n'koti njingayo ndi yanga. Ku New York kuja pofika 1989 sitima yolembedwa sinkaloledwanso kunyamuka asanaitsuke.

Wazikwangwani_Nchalo: Zoona akulu. Chandikhudza ine ndi zilembo zolowanalowana zija, ndaziyesa papepala mmawa uno, zakanika. Bulashi yanga yazolowera "NGONGOLE MAWA".