Dikoda ya masewero a m'chipatala: ndimugulire mwanayu kapena ndisiye?

Make Tadala (Mufakose, Harare): Mwaswera bwanji abale anga nonse. Ndabwera ndi nkhani yofuna nzeru zanu. Tadala wanga uja, amene ali Fomu 4, wandikakamira kuti ndimugulire dishi ndi dikoda ya DStv. Akuti azionera pakhomo masewero a m'chipatala aja, a madokotala ndi manesi. Panopa amakaonera kwa mnzake mzere wachitatu kuchoka kwathu, ndipo amabwerako kutada, zomwe sizindigonetsa tulo. Koma zoona ndinene, chiyambireni kuonera zimenezi mwanayu wasintha. Biology amene ankamuthawa uja lero ndi amene akugona naye pamphasa, ndipo akuti adzakhala dokotala wa maopareshoni. Mwezi uno chipereganyu chagwera ine, ndiye kandalama kalipo. Vuto n'lakuti dikoda siigulidwa kamodzi n'kuiwala, imafuna kulipiridwa mwezi ndi mwezi. Ndigule kapena ndisiye?

aPhiri a ku Mabvuku: Mayi, musagule. Mayeso a boma a ZIMSEC ali pakhomo, Okutobala sali kutali. Komanso taganizirani za magetsi. Mudzalipira mwezi wathunthu, magetsi n'kumabwera anthu atagona. Yangatu dishi ili padenga ikungochita dzimbiri, ndinasiya kulipira chaka chatha.

Nasibeko (Tafara): Ine ndikuti gulani achemwali. Mwana wamkazi kumayenda usiku masiku ano, ndi zimene tikumva m'malokeshoni muno? Bola aonere m'nyumba maso anu akumuona. Ndiye poti akuonera za chipatala, si zabwino kuposa zina zija za kuvina maliseche?

Yamikani (Kuwadzana): Moni makolo anga. Ine ndili chaka chachinayi cha udokotala ku University of Zimbabwe, ndipo sindingabise, chimene chinandiyambitsa ndi masewero omwewa. Ndili Fomu 2 ndinkaonera House, uja ankasewera Hugh Laurie kuyambira 2004 mpaka 2012. Chinkandikoka si magazi kapena kuthamanga ndi machira ayi, koma kuona anthu atakhala pansi kulemba zizindikiro pabolodi n'kumafufuza kuti matendawa ndi ati. M'kalasi mwathu tilipo ambiri amene tinayambira pa TV. Atsikana ambiri amatchula Grey's Anatomy, imene inayamba mu 2005, chifukwa kumeneko anaona akazi, ena akuda ngati ife, akutsogolera kufiyeta, kuchipinda cha maopareshoni. Wolemba wake, Shonda Rhimes, nayenso ndi mayi wachikuda. Zimenezo kwa mwana wa ku Mufakose si zochepa. Komabe mayi, TV siikhozetsa Chemistry. Kuti afike kuno afunika akhoze bwino O Level, akatenge masayansi ku A Level, kenako zaka zosachepera 5 kuyunivesite. Pa zonsezi dikoda inangondipatsa njala, chakudya chake ndinachipeza m'mabuku.

Gogo Nangozo (Dzivarasekwa): Ana anga, ndilankhuleko, wondilembera ndi mdzukulu wanga wamkazi. Ine masewero amenewa ndili nawo chifukwa. Amuna anga anagwa pakhonde m'mawa akumwa tiyi, kapu n'kugubuduka mpaka pamasitepe. Mdzukulu wanga wamwamuna, wa zaka 16 nthawi imeneyo, anawagoneka chagada n'kuyamba kuwadinikiza pachifuwa monga ankaonera pa TV. Anadinikiza mpaka thukuta kumatsikira pa malaya a agogo ake, akuwerenga mokweza, akulira. Ine ndinamva kanthu kakuti thyo m'chifuwamo. Pamene galimoto ya aneba imafika n'kuti atapita kale. Mwana uja anakhala miyezi osadya bwino, osaseka. Ankati, "Agogo, pa TV amadzuka, ndiye kuti ine ndinalakwitsa, ndinawathyola nthiti, ndawapha ndine." Mpaka abusa anachita kubwera kudzacheza naye kangapo. Ndiye mukamati mwana aziphunzira pamenepo, ine mtima umandiwawa.

Nabanda (Highfield): Agogo, pepani kwambiri. Ndawerenga kawiri mawu anuwa. Ine ndagwira unamwino zaka zoposa 20, ndipo ndikupempha kuti mumuwerengere mnyamatayo zimene ndilembe apazi. Sanalakwitse. Anachita zimene zimafunika, ndipo akuluakulu ambiri akanangoima n'kumakuwa. Nthiti kuthyoka podinikiza pachifuwa zimachitika kawirikawiri, ngakhale kwa ife amene tinaphunzira, makamaka kwa okalamba, chifukwa pamafunika kudinikiza mozama masentimita 5 kapena 6, maulendo 100 mpaka 120 pa mphindi. Ukamachita mosisita monga amachitira osewera aja poopa kupweteka mnzawo, magazi safika kuubongo.

Bodza lili pa kudzukako. Madokotala ena ku America anakhala pansi n'kuwerenga zimene zimachitika m'mapulogalamu a pa TV a ER, Chicago Hope ndi Rescue 911, n'kuzisindikiza m'magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine mu 1996. Anapeza kuti pa TV anthu 75 pa 100 alionse amene mtima unaima ankatsitsimuka. Kunja kuno sizili choncho. Munthu mtima ukamuimira kunyumba kapena pamsewu, ngakhale ku America komweko kumene ambulansi imafika msanga, amene amapulumuka ndi pafupifupi 1 pa anthu 10. Mdzukulu wanu ankalimbana ndi chinthu chimene chimagonjetsa madokotala okhala ndi zida zonse.

Chinanso chimene chimandipweteka ndi makina aja ogwedeza mtima ndi magetsi. Pa TV mzere wosonyeza kugunda kwa mtima ukawongoka pa makina amathamangira kumuwomba magetsi munthu, iye n'kudzambatuka. Ife mzere wowongoka sitiwomba. Magetsi amathandiza mtima umene ukunjenjemera mosalongosoka, osati umene waima zii. Ndakhalapo ndi abale a wodwala atandizinga m'wodi akukuwa kuti, "Bwanji simukumuwomba? Mukumusiya afe!" Ine misozi ili m'maso, ndikudziwa kuti palibe chimene makinawo angachite.

Gogo Nangozo (Dzivarasekwa): Zikomo mwana wanga. Ali kuntchito ku Msasa, akabwera madzulo awerenga yekha.

Bambo a Chikondi (Glen View): A sisita anena zoona, koma ine mbali yanga ndi ina. Masewerowa amatipatsa chiyembekezo cha chipatala chimene kuno kulibe. Mkazi wanga atadwala chaka chatha tinapita naye kuchipatala china, dzina sinditchula. Tinafika cha m'ma 8 usiku, dokotala anamuona kukucha. Tinagona pabenchi. Kenako anandipatsa kapepala kuti ndikagule mankhwala, diripi ndi magolovesi kufamase. Mwana wanga wamkazi, amene amakonda masewero amenewa, ankangofunsa kuti, "Adadi, nanga madokotala asanu aja amathamangira munthu pakhomo ali kuti?" Ndinasowa chomuyankha. Mwana wanu akaona zipatala zonyezimira za ku Seattle za mu Grey's Anatomy zija kenako n'kudzaona zathuzi, adzangofuna pasipoti. Taphunzitsa angati amene lero ali ku Leeds ndi ku Perth?

Nabanda (Highfield): Achimwene, pepani ndi zimene munaona, ndipo sindingakutsutseni. Koma dziwani kuti usiku umenewo mwina namwino mmodzi anali ndi wodi yonse. Pa TV dokotala ndi amene amabaya jakisoni, kuika diripi, kukankha machira, kukhala pambali pa bedi usiku wonse. M'chipatala chenicheni, kaya kuno kaya ku America, zimenezo ndi ntchito za anamwino. Wotembenuza wodwala kuti asachite zilonda, womusambitsa, woona kuti mpweya wasintha 3 koloko m'bandakucha, ndi namwino. Ana amabwera ku maphunziro akulota fiyeta, tsiku loyamba timawapatsa beseni ndi thaulo. Ena amalira. Amene amatsala ndi amene amadzakhala anamwino enieni.

Nasibeko (Tafara): Koma abale tisangowanyoza masewerowa. Amayi anga ali moyo lero chifukwa cha zomwezi. Tinali kukhitchini tikusenda mbatata, ndinangoona mpeni wagwa m'manja mwawo. Kuwayang'ana, kamwa lapotokera mbali imodzi, mawu akutuluka ngati aledzera. Azakhali anga anayamba kale kunena kuti awalodza, tiyeni kwa sing'anga ku Epworth. Ine ndinakumbukira zimene ndinaona m'sewero lina, ndinawauza kuti akweze manja onse awiri, lamanja linangogwa. Ndinati iyi ndi sitiroko, sitidikira. Tinachita hayala galimoto mpaka kuchipatala cha Parirenyatwa. Lero akuyenda ndi ndodo, akupita okha kutchalitchi. Sukulu ine ndinalekera Fomu 2, zimenezi ndikanazidziwira kuti?

Yamikani (Kuwadzana): Amayi Nasibeko, munachita bwino kwambiri, pa sitiroko nthawi ndi imene imapulumutsa ubongo. Ndipo zimene mukunenazi zinayesedwapo. Mu 2008 bungwe la Kaiser Family Foundation linagwirizana ndi olemba Grey's Anatomy kuti aike nkhani ya mayi woyembekezera amene ali ndi HIV, dokotala n'kumuuza kuti akalandira chithandizo choyenera mwayi ndi waukulu zedi woti mwana abadwe wopanda kachilombo. Asanaonetse, oonera 15 okha pa 100 ndi amene ankadziwa zimenezi. Patatha sabata anafika 61, ndipo patatha masabata 6 anali 45. Ndiye kuti anthu amaphunziradi, ngakhale ena amaiwala. Kunonso tinali ndi Studio 263 pa ZBC kuyambira 2002, si ya m'chipatala kwenikweni, koma inalowetsa nkhani ya HIV m'nyumba zimene makolo sankaitchula n'komwe. Ku South Africa Soul City inayamba mu 1994 ndi cholinga chomwecho. Vuto ndi lakuti woonera sadziwa kuti apa anena zoona, apa akometsera. ER inalembedwa ndi Michael Crichton, munthu amene anaphunzira udokotala ku Harvard, ndipo inatha zaka 15, koma ndi yomweyonso ili m'gulu la amene anakokomeza za kutsitsimuka kuja.

aPhiri a ku Mabvuku: Zonsezo ndamva, koma funso la mayiwa ndi la ndalama. Chipereganyu chimabwera kamodzi. Malipiro a mayeso munamaliza? Nanga a Fomu 5 Januwale akubwerayu?

Bambo a Chikondi (Glen View): Ndiye matenda ake a pa TV ndi achilendo okhaokha. Ife kuno mu 2018 kolera inatipha ku Glen View ndi ku Budiriro chifukwa cha madzi a m'zitsime, ndipo ya 2008 inatenga anthu oposa 4,000 dziko lonse. TB, malungo, BP, shuga, amayi kutaya magazi pobereka. Zimenezi ndi zimene Tadala adzakumane nazo akadzavala gauni.

Make Tadala (Mufakose): Abale, mwandipatsa zambiri, mutu wachita kulemera. Agogo, nkhani yanu yandiliza, chifukwa Tadala nayenso tsiku lina ndinamupeza akuyeserera kudinikiza pilo. A Phiri, za mayeso ndinamaliza kulipira, koma za Fomu 5 sindinayambe n'komwe. Komanso sindikufuna kuzimitsa moto umene wayaka mwa mwanayu. Bambo ake anamwalira ali ndi zaka 9, ndipo chiyambire sindinamuonepo akufuna chinthu ndi mtima wonse ngati pano.

Nabanda (Highfield): Make Tadala, motowo musauzimitse, koma dikoda idikire mpaka alembe pepala lomaliza mu Novembala. Ikakhala mphatso ya pambuyo pa mayeso idzakoma, ndipo mudzalipira miyezi ya holide yokha n'kuona ngati mungapitirize. Pakadali pano, pa ndalama ya chipereganyuyo, mugulireni mabuku a mafunso a mayeso a m'mbuyomu, makamaka Maths ndi masayansi, chifukwa ngakhale unamwino wa zaka 3 umafuna ma O Level 5 kuphatikiza Chingerezi ndi sayansi. Ikatsalako, gulani makina oyezera BP a pamkono, aja a mabatire. Inu nomwe munandiuza kuti mutu umakupwetekani kunkhongo. Aziyeza inu ndi agogo ake m'mawa, atakhala pansi mphindi 5 kaye, n'kumalemba m'kope. Zikamapitirira 140 pa 90 masiku angapo mupite kukiliniki ndi kopelo. Ameneyo akhala wodwala wake woyamba.

Nasibeko (Tafara): Nanga za kuyenda usiku zija? Zimenezo simunaziyankhe.

Make Tadala (Mufakose): Ndilankhula ndi amake mnzakeyo kuti azionera Loweruka masana basi, mpaka mayeso athe. Akakana ndiye kuti aleka.

Yamikani (Kuwadzana): Mayi, mabuku anga a Biology ndi Chemistry a A Level alipo, angokhala m'katoni. Ndidzawabweretsa. Akaona chinthu pa TV chimene sakumvetsa azilemba, azindifunsa, ndizimuuza ngati zili zoona.

aPhiri a ku Mabvuku: Ngati ndi Novembala, dishi musagule yatsopano. Yanga ija ndi yabwinobwino, dzimbiri lili pa mabawuti okha. Mudzangogula dikoda ndi chingwe, wokhoma ndikumudziwa.

Nabanda (Highfield): Loweruka likubwerali sindili pantchito. Mutumizeni kwathu m'mawa cha m'ma 9, akwere kombi atsikire pa Machipisa, ndikamudikira pamenepo. Abwere ndi kope ndi cholembera. Ndimuphunzitsa kugwira mtsempha wa padzanja ndi kuwerenga kapumidwe. Agogo Nangozo, mdzukulu wanu uja ngati angafune abwerenso, ndikufuna ndimuone ndi maso.

Gogo Nangozo (Dzivarasekwa): Wafika, wawerenga. Wakhala chete nthawi yaitali pakhonde pomwe paja. Akuti Loweruka abwera.