Anamwino a ku wodi ya makanda tiwathokoze bwanji?

Abale a kuno ku Thyolo, ndithandizeni nzeru. Mchemwali wanga anachira ali ndi pakati pa miyezi 7, mwana wosakwana makilogalamu awiri. Anamwino a ku wodi ya makanda pa chipatala cha boma anamuika pa makina othandizira kupuma, n'kumamumwetsa mkaka wofinya wa mayi ake kudzera m'kapaipi ka m'mphuno, usiku ndi usana. Ndi iwonso anaphunzitsa mayiyo kangaru, kumugoneka mwana pachifuwa asanavale n'kumumanga ndi chitenje kuti asazizidwe. Paja kuzizira kwa kuno mu June mukukudziwa. Pano akuyamwa yekha.

Tikufuna tikawathokoze. Ndalama ine ndakana, zingaoneke ngati ziphuphu. Agogo akuti mkoko wa nthochi ndi nkhuku basi, koma ine ndimaganiza zipewa zoluka, zitenje ndi sopo zothandizanso makanda ena.

Kodi zotere timadzera kwa sisitala wamkulu wa wodiyo kapena ku ofesi? Tidikire tsiku lokumbukira ana obadwa masiku asanakwane mu November, kapena tingopita? Anamwino amene muli muno, chimene chingakuthandizeni kwenikweni n'chiyani?